Dzenje la a Mwale ndi Pakamwa Panga

Loweruka lapitali ndinaima m'mphepete mwa dzenje kuseri kwa nyumba ina ku Blanchardstown, manja ali m'matumba a jekete, kamvula kowaza kakundinyowetsa mpango. M'dzenjemo munali a Mwale, bambo a Chikondi, matope mpaka m'maondo. Pamwamba tinalipo atatu: mkazi wawo Nabanda, ine, ndi mzungu mwini nyumbayo, amene pano ndingomutcha Declan.

Mzunguyo anafunsa funso limodzi: "Kodi mukufuna kulima chiyani muno?"

Funso limenelo silinali lachilendo kwa ine. Ndinayamba kulifunsa ndine, masabata atatu m'mbuyomo. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anafunsa mwini dzenje, pomwe ine ndinakafunsa munthu wina m'basi.

Mayina ndasintha. Koma Amalawi a mu Dublin muno tilipo angati? Amene mukudziwa, mukudziwa.

Nabanda ndi mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo. Timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba, ndipo nditangofika kumene m'dziko lino ndi iye amene anandionetsa kogula ufa, kokwerera basi, ndi mmene ungavalire masokosi awiri anthu osadziwa. Tsiku lina nditaweruka ndinapita kwawo kukamuluka tsitsi. Ndikutunga madzi pasinki, maso anagwera pawindo la kukhitchini.

Kapinga yense wa kuseri anali atasadabulidwa. Pakati panali dzenje lozungulira bwinobwino, looneka kuti analiyeza ndi chingwe ndi chikhomo, lakuya lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Pambali panali mulu wa timiyala, mapaipi akuda okhala ndi timabowo, matabwa a thovu okutidwa ndi pepala lonyezimira ngati lokulungira nyama yowotcha, migolo inayi, ndi fani yomwe inali isanatuluke m'katoni.

"Asisi, kuseriku akukumba chiyani? Manda?"

"Ndi za abambo zimenezo," anatero Nabanda, n'kundipatsa chipeso.

Ndinatsegula windo. "Alamu! Kodi ndi swimming pool imeneyi? Tigule zosambira?"

A Mwale anadzutsa mutu, n'kupukuta thukuta ndi mkono. "Mudzaona, alamu. Zikatha mudzaona."

Ine ndinabadwa wokayikira, ndipo sindibisa. Mayi anga ankati ukandipatsa nthochi ndimayamba ndayang'ana ngati wina sanaiboole ndi singano. Munthu wotere ukamuuza kuti "mudzaona," wamulanda tulo.

Ndiye ndinayamba kulumikiza zinthu. M'manyuzipepala a kuno si mwaona zithunzi za nyumba zomwe apolisi akumathyola, m'kati n'kupeza mafani, mapaipi ndi mapepala onyezimira omwe aja? A Mwale ndi mlonda pamalo ena omwe akumanga nyumba, ndiye zipangizo zonsezi azitenga kuti? Munthu wake wosalankhulalankhula, mowa samwa, mapemphero akangotha salonjerana ndi aliyense. Kwawonso ndi kumalire a Kasungu ndi Nkhotakota, ndipo tonse tikudziwa mbewu imene inatchukitsa mapiri a kumeneko. Pofika kunyumba mlandu ndinali nditauzenga, chigamulo n'kupereka, woimbidwa mlandu asakudziwa n'komwe.

Lamulungu lotsatira, pochokera kutchalitchi, ndinakhala mpando umodzi m'basi ndi mayi wina amene ndimutche Esinati.

"Komatu alamu athu aja akukumba chidzenje kuseri kwa nyumba," ndinatero. "Mapaipi, fani, zonyezimira zija."

"Za chiyani?"

"Kaya. Akuti tidzaona. Mwina akufuna kulima fodya wamkulu wa kwawo uja."

"Chamba? A Mwale? Aaa, asisi inu!"

Tinaseka mpaka mzimayi wa kutsogolo anacheuka. Nditatsika basiyo nkhaniyo ndinaiiwala, monga mmene umaiwalira tikiti m'thumba. Chimene sindinachiganizire n'chakuti Esinati nayenso amakhala m'nyumba ina ya Declan yemweyo, kachipinda kamodzi pamwamba pa shopu, iye, mwamuna wake ndi ana awiri. Amalawi timalowetsana kwa landilodi mmodzi, mukudziwa inu.

Lachinayi la sabata yatha foni inalira ndili pa shifiti. Anali Nabanda.

"Asisi, landlord waimba. Akuti Saturday akubwera kudzaona garden, ndipo akapeza zomwe wamvazo atipatsa notice. Lease yathu ikutha next month. Bwerani mudzakhalepo, chonde."

Ndinadzitonthoza kuti mwina ndi oyandikana nawo amene anaona dzenjelo ali pawindo la m'mwamba. Ndinati ndibwera.

N'chifukwa chake ndinapezeka ndili m'mphepete mwa dzenje lija. Mzunguyo atafunsa, a Mwale anatuluka m'dzenjemo, n'kulowa m'nyumba, n'kubwera ndi kope la ana asukulu lokulunga m'jumbo. Analitsegula atalitchinjiriza ndi jekete kuti lisanyowe. Masamba onse anali odzaza ndi zojambula za pensulo, miyeso ili m'mbalimbali.

Kwa zaka zonse zomwe ndawadziwa, sindinawamvepo akulankhula nthawi yaitali chotero.

Anati akumanga nyumba yolimiramo ndiwo, yozungulira ngati chipanda chovundikira. Mafupa ake ndi timatabwa tolumikizana m'makona atatuatatu, pamwamba n'kukuta ndi pulasitiki yolimba yoonekera m'kati. Anasankha yozungulira chifukwa mphepo ya kuno ikapeza khoma lowongoka imalimbana nalo, koma ikapeza chozungulira imangochilambalala.

Koma nyumbayo, anatero, si nkhani. Nkhani ili pansi.

Analoza ngalande yozungulira m'mphepete mwa dzenjelo. Mmenemo ndi mwa maziko. Pansi pake amayamba athira timiyala n'kutisinja, chifukwa dothi la Dublin limasunga madzi ngati dambo, ndipo maziko okhala m'madzi amasweka kukazizira. Pa timiyalapo pamabwera konkire, kenaka mizere iwiri ya mabuloko yomwe nyumbayo idzakhalepo. Matabwa onyezimira aja, amene ine ndinawaona ngati umboni, amaimikidwa kunja kwa maziko kuzungulira konse mpaka pansi, kuti dothi lozizira lakunja lisamabe kutentha kwa dothi lam'kati.

Kenaka anatsika n'kugwira paipi imodzi. Mapaipiwo amayalidwa pansi pa dzenje, n'kukwiriridwa ndi timiyala ndi dothi, pamwamba pake n'kuyalanso ena, n'kukwiriranso. Masana, ngakhale kadzuwa kaulesi ka kuno, kakawomba papulasitiki mpweya wa kudenga umatentha. Fani ija imaukoka n'kuukankhira m'mapaipi, dothi n'kumamwa kutenthako pang'onopang'ono, chinyezi n'kumatuluka m'timabowo tija. Kunja kukazizira, dothi limabweza zomwe linasunga. Migolo ija adzaipaka utoto wakuda n'kuidzaza madzi, nayonso izisunga kutentha.

Anatembenukira kwa ine n'kulankhula m'Chichewa, ngati akufuna mboni.

"Alamu, ine ndinali kapitawo wa mabalani a fodya ku estate twelve years. Ku balani moto timakoleza kunja, kutentha n'kumayenda m'mapaipi m'kati. Apa ndi chimodzimodzi, kungoti moto wake ndi dzuwa, ndipo kutenthako tikukusunga pansi ngati mbatata m'nkhuti."

Za zipangizo anatulutsa kalata ya folomani wa kuntchito kwawo, yosainidwa, yowaloleza kutola zotsalira zomwe zinali zokataya. Za mbewu anatulutsa timaenvulopu tolembedwa ndi bolopeni: mpiru, bonongwe, maungu, therere, kambuzi. Anati kwa zaka zitatu akhala akuyesa kulima pamtetete. Bonongwe amafa masamba a mitengo akangoyamba kuyoyoka, ndipo therere sanachitepo ngakhale duwa limodzi.

Ndinachita manyazi. Munthu amafuna nkhwani, ine n'kumupatsa mlandu wokalowa nawo kundende.

Declan anagwada, n'kusuzumira m'paipi, n'kufunsa za fani, ngakhalenso kugwedeza mutu moyamikira. Kenaka anaimirira n'kusasa thalauza.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuzani kuti ndikufuna kulima kadimba kuseri, inu munati palibe vuto."

"Kadimba, inde. Uwu ndi mgodi." Analoza dzenjelo, n'kupitiriza. "Mvetsani, ine sindinalote zimenezi. Mmodzi mwa anthu anu omwe ndi amene anandiuza kuti muno mulimidwa chamba, ndipo akuti anthu a kutchalitchi kwanu onse akudziwa. Apolisi akabwera pano, dzina lomwe lili pa nyumbayi ndi langa."

Nabanda anayang'ana pansi. A Mwale anatseka kope lawo pang'onopang'ono. Apa ndi pomwe munthu wolungama akanati, "Bwana, nkhani imeneyo ndinaiyambitsa ndine, inali nthabwala yopusa, palibe anaonapo kanthu." Mawu ake ndinali nawo, Chingerezi chake ndimachitha. Koma pakamwa panga, pomwe sipatsekeka ngakhale m'maliro, tsiku limenelo panamatika. Declan anati akaganiza, n'kukwera galimoto yake.

Tsopano tiyeni tikambirane, abale anga, poti nkhaniyi si ya ine ndekha.

N'chifukwa chiyani a Mwale sanangonena kuti akumanga nyumba ya ndiwo? Mzungu atapita ndinawafunsa, ndipo anandiyang'ana modabwa.

"Alamu, chinthu chisanapse sanena. Mukanena, anthu amachilowa."

Ndani wa ife angawatsutse? Tinaleredwa choncho. Mayi woyembekezera sanena, timangoona chitenje chakwera. Ulendo sitilengeza. Ambiri a ife abale athu anadziwa kuti tili ku Ireland titaimba foni tafika kale. Ukamamanga nyumba kumudzi umati ndi ya achimwene. Mapepala ako okhalira m'dziko lino akatuluka umakhala mwezi wathunthu ukuyenda ndi nkhope ya munthu amene akudikirabe. Timaopa nsanje, timaopa maso a anthu, ena timaopa zija sitizitchula pagulu ngakhale tili ndi madigiri awiri. Khalidwe limeneli tinalipakira m'sutukesi pamodzi ndi zitenje, ndipo pabwalo la ndege palibe anatilanda.

Kwathu chinsinsi chimenechi chimagwira ntchito, chifukwa munda ndi wako ndipo aliyense amaona yekha chimanga chikamera. Kuno munda ndi wa eni, mpanda ndi wa eni, ngakhale dothi lomwe ukukumbalo ndi la eni. Kuno munthu wosanena chomwe akuchita amaoneka ngati ali ndi chobisa, makamaka khungu lake likakhala ngati lathuli.

Koma limenelo ndi theka chabe la vuto. Theka linalo ndi ife oonerera. Mnzathu akakhala chete, timamulankhulira. Wagula galimoto? Akugulitsa mankhwala ozunguza bongo. Mapepala ake atuluka msanga? Anakwatira nkhalamba. Wasiya kubwera kumaphwando? Walowa zausatana. Akuwerenga kwambiri? Akudzimva. Mmalawi akachita chinthu chomwe ife sitinachiganizepo, sitifunsa kuti wachita bwanji. Timafunsa kuti akubisa chiyani.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa kamodzi, mwachipongwe, ndili pawindo, kenaka ndinakadyetsa anzanga phulalo.

Ndipo taonani mzinda womwe tikukhalawu. Dublin yense ndi dzenje masiku ano. Kulikonse komwe ungayang'ane kuli makina onyamulira zitsulo atatsamira kumwamba, misewu yokumbidwa, minda ya dzana yasanduka nyumba zofanana ngati mazira. Anthu amene anali ndi nyumba imodzi pano ali ndi zinayi, ndipo akuti chuma chikubangula. Alipo amene amafunsa kuti maenje amenewo akumbidwa ndi ndalama za yani, ndipo adzakhalamo ndani? Ine ndikamadutsa ndimakayikira, koma palibe amene amaimbira foni landilodi wa anthu amenewo. Dzenje lomwe ladetsa nkhawa anthu ndi la mlonda wofuna bonongwe.

Declan yemweyo ndimamukayikira. Ndinaona mmene maso ake ankayezera bwalo lija kuchokera kumpanda kufika kukhoma. Nyumba za m'dera limenelo zikukwera mtengo mwezi uliwonse, ndipo munthu wofuna kugulitsa amasangalala akapeza chifukwa chotulutsira anthu popanda kuoneka woipa.

Esinati ndimamukayikiranso. Munthu wopanikizika m'kachipinda kamodzi ndi ana awiri, atamva kuti nyumba ya zipinda zitatu ya landilodi wake yemwe ikhoza kukhala yopanda anthu, angachite chiyani? Umboni ndilibe. Mwina anauza mwamuna wake, mwamunayo n'kuuza wina, winayo n'kukafikitsa. Ndinamuimbira kawiri, sakuyankha.

Mukuona mmene ndikuchitiramu? Ndayambanso kuzenga milandu ya anthu ena. Kukayikira n'kokoma chifukwa nthawi zonse kumaloza kunja. Koma kaya anakanena ndani, mawu oti chamba anatuluka koyamba pakamwa panga. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine mlomo ndinausiya m'basi, ndipo ndinakaupeza uli m'kamwa mwa mzungu.

Lachiwiri kalata inafika. Declan sawonjezera pangano la nyumbayo. Akuti waganiza zogulitsa, ndipo akufuna dzenjelo likwiriridwe ndi kapinga abwezeretsedwe asanatuluke kumapeto kwa mwezi wamawa. Za chamba sanalembemo, n'zosafunika kulemba.

Amene munafunapo nyumba mumzinda muno muli ndi ana mukudziwa tanthauzo lake. Umaimba foni, akangomva kalankhulidwe kako amati yapita kale. Chikondi ali m'kalasi lomaliza la pulayimale, sukulu yake ili pangodya pomwepo, ndipo malo a sukulu m'madera amenewa ndi ovuta kuposa nyumba. Banja limeneli linadikira zaka zambiri m'hositelo ya othawa kwawo, makolo ndi ana awiri chipinda chimodzi, lisanapeze khomo lakelake.

Lachitatu ndinalephera kupirira. Nditaweruka ndinakwera basi n'kupita.

A Mwale anali kuseri, akusolola mapaipi m'dothi n'kumawakulunga bwinobwino. Sanataye ngakhale imodzi. Ngalande ya maziko ija anali ataikwirira kale mbali imodzi. Nabanda anali m'khitchini akukulunga makapu m'manyuzipepala n'kumaika m'katoni. Ndinakhala pampando osavula jekete.

"Asisi, ndabwera kudzanena chinthu. Nkhani ija ya chamba ndinayambitsa ndine. Ndinauza Esinati m'basi, ndinkangoseka. Pepani. Ndachimwa."

Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena alira, kapena andithamangitsa. Chilichonse mwa zimenezi chikanandipepukira. Iye anamaliza kukulunga kapu yomwe inali m'manja, n'kuiika m'katoni, n'kutenga ina.

"Tinkadziwa," anatero.

"Munkadziwa?"

"Asisi, Mmalawi amene walowa m'khitchini muno kuyambira pomwe abambo anayamba kukumba ndinu nokha. Landlord atangonena pafoni paja kuti wamva kwa anthu athu, tinadziwa. Abambo ankati tikusiyeni. Ine ndi amene ndinati ayi, ndi m'bale wanga, timuitane Saturday, akamva yekha mzungu akunena alankhula. Ndinawauza kuti mulankhula."

Sanakweze mawu. Anandipempha kuti ndimupatsire nyuzipepala ina yomwe inali pafupi ndi ine, ndipo ndinamupatsira.

Dzulo ndinamuimbira Declan n'kumuuza zonse. Anandithokoza mwaulemu, n'kunena kuti nyumbayo waipereka kale kwa ogulitsa. Mawu omwe akanathandiza Loweruka, Lachinayi anali opanda ntchito.

Tsono ndikupempha inu owerenga, makamaka a kutchalitchi kwathu amene nkhaniyi inakufikani n'kuipititsa patsogolo. Banja la anthu anayi likufuna nyumba chakumadzulo kwa mzinda uno mwezi wamawa usanathe. Salephera kulipira, sachita phokoso, ndipo bambo wake ali ndi luso lomwe ambiri a ife sitingalilote. Ena mwa inu muli ndi malandilodi omwe amakufunsani ngati mukudziwa anthu abwino ofuna nyumba.

Akakufunsani kuti a Mwale ndi munthu wotani, mudzanena zomwe mukudziwa, kapena zomwe munamva?